MAGALIMOTO ALIWIRO NDI BVUTO LA KUWIRA KWA INJINI

Mwezi wa October ukafika, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo tala wa mumseu ayamba kufewa, munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata salephera kuona galimoto itaima pambali m'zitunda za Manenekela kapena m'cigwa ca Luangwa. Boneti iri yasa, nthunzi iri tolotolo monga pa mbiya ya thobwa, okwera akhala pansi pa mtengo, ndipo mnyamata watumidwa ndi cigubu kukafuna madzi kumene iye sadziwa. Injini yawira.

Mwini galimotoyo akafika ku garaji, kawirikawiri amauzidwa kuti acotse themositati, ati popeza kacitsulo kameneka anapangira maiko ozizira ndipo kuno kwathu kalibe nchito. Ena amauzidwa kuti agule themositati ya mtundu wina imene itseguka msanga. Kodi uphungu umenewu ndi woona? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tipite ku England, kumene magalimoto atatu aliwiro, okongola ndi odula, anasautsa eni ake ndi bvuto lomweli kwa zaka zambiri. Zimene anthu a kumeneko anaphunzira atataya ndalama zoculuka, ife tingaziphunzire kwaulere.

KUTENTHA KUMACOKERA KUTI?

Injini ndi ng'anjo yotsekedwa. Petulo kapena dizilo akapsa m'kati mwake, mphamvu imene ifika ku mawilo ndi gawo limodzi cabe mwa magawo atatu, mwina osakwana. Gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini. Kutentha kotsalaku kukapanda kucotsedwa, zitsulo zimafufuma, oilo amasanduka ngati madzi, ndipo injini imagwirana.

Nchito yocotsa kutentha ndi ya madzi. Pampu imakankha madzi m'tinjira tozungulira masilinda ndi mutu wa injini. Madziwo akatentha amapita ku rediyeta, kumene amadutsa m'timapaipi topyapyala tokanthidwa ndi mphepo, ndipo akazizira amabwereranso ku injini. Citsekero ca rediyeta naco ciri ndi nchito yaikulu imene ambiri saidziwa. Pa gombe la nyanja yamcere madzi amawira pa madigiri 100, koma akatsekeredwa ndi citsekero cabwino ca mphamvu ya mapaundi 15, sawira kufikira atayandikira madigiri 120.

MLONDA WA PA KHOMO

Themositati ndi kacitsulo kokwana m'dzanja la munthu, kamene kamakhala pa khomo la pakati pa injini ndi rediyeta. M'kati mwake muli kabotolo ka mkuwa kodzala ndi phula. Njira yogwiritsa phula motere anaitulukira Sergius Vernet ku America m'zaka za m'ma 1930. Injini ikakhala yozizira phulalo ndi louma, khomo ndi lotseka, ndipo madzi amangozungulira m'injini momwemo kudzera pa kanjira kacidule, kotero kuti injini itenthe msanga. Madzi akafika pa muyeso wolembedwa pa kacitsuloko, monga madigiri 82 kapena 88, phula limasungunuka, limafufuma ndi kukankha kamtengo kacitsulo, khomo n'kuyamba kutseguka. Kutentha kukakwerako ndi madigiri ena 12 mpaka 15, khomo limakhala litatseguka lonse. Madzi akazizira, sipuling'i imalitsekanso.

Apa pali mfundo imene owerenga ayenera kuigwiritsa: themositati siiziziritsa injini. Coziziritsa ndi rediyeta, mphepo ndi pampu. Nchito ya themositati ndiyo kuletsa injini kuzizira mopitirira muyeso. Iyo imaika malire a pansi, osati a pamwamba.

TRIUMPH STAG: MCENGA M'MIMBA

M'caka ca 1970 kampani ya Triumph ya mu mzinda wa Coventry, imene panthawiyo inali pansi pa British Leyland, inatulutsa galimoto yochedwa Stag. Maonekedwe ake anajambula ndi katswiri wa ku Italy, Giovanni Michelotti, ndipo injini yake inali ya masilinda 8 oimikidwa m'mizere iwiri, ya malita atatu. Inali galimoto yosiririka, kotero kuti inaonekera mu kanema wa James Bond wa caka ca 1971. Eni kampani anayembekezera kugulitsa ambiri ku America.

Sipanapite nthawi, mbiri inamveka kuti Stag imawira. Zifukwa zake zinali zingapo, ndipo zonse zinathandizana. Coyamba, pampu ya madzi anaiika pamwamba pa injini, pakati pa mizere iwiri ya masilinda. Madzi akangocepa pang'ono, pampuyo inali kuzungulira mu mpweya, osakankha kanthu. Caciwiri, thunthu la injini amaliumba m'zikombole za mcenga, ndipo m'mainjini ambiri mcengawo sunacotsedwe wonse. Galimoto ikayenda, mcenga unali kusukuluka ndi kukatseka timapaipi ta rediyeta. Cacitatu, thunthulo linali la citsulo pamene mitu yake inali ya aluminiyamu. Zitsulo ziwirizi zikakhala pamodzi m'madzi wamba zimadyana. Zinafunika mankhwala oletsa dzimbiri caka conse, koma eni ambiri anazolowera kuthira mankhwala m'nyengo yacisanu yokha. Nyenyeswa za aluminiyamu zinapita kukaonjezera pa mcenga uja.

Injini ikawira, mitu inali kupindika ndipo gasiketi inali kuphulika. Kumasula mituyo kunalinso cinchito, popeza ena mwa mabauti ake analowa mopendekeka ndipo anali kumamatirana ndi aluminiyamu. Pofika 1973 Stag inaleka kugulitsidwa ku America, ndipo pamene kupanga kunatha mu 1977, onse pamodzi anali pafupifupi 26,000 cabe. Eni ambiri anataya mtima, nacotsa injiniyo ndi kuikamo ya Rover kapena ya Ford.

Koma ena anadekha. Anatsuka mcenga wonse, anaika rediyeta yabwino, anamangirira kathanki ka madzi pamalo okwera kuposa pampu kuti pampuyo isaume, ndipo anathira mankhwala oyenera. Zikwi za magalimoto amenewa zikali kuyenda ku Britain ndi injini zao zoyamba. Amene anangocotsa themositati sanacize kanthu, popeza nthenda inali kwina. Khomo lingatseguke motani, ngati njira ya kutsogolo kwake yatsekeka ndi mcenga madzi sapita.

JAGUAR: THEMOSITATI YA ENI AKE

M'mwezi wa March 1961, pa cionetsero ca magalimoto ku Geneva, kampani ya Jaguar inaonetsa E-Type, galimoto imene anati itha kuthamanga makilomita 240 pa ola. Kuti idule bwino mphepo anaipatsa mphuno yaitali ndi kamwa locepa, ndipo kuseri kwa rediyeta kunali fani imodzi ya magetsi ya mapiko awiri okha. Pa mseu wautali zonse zinali bwino, popeza liwiro lenilenilo linali kukankhira mphepo mu rediyeta. Koma m'mizinda yotentha ya ku America, pamene magalimoto ayenda mondondozana ngati ng'ombe zopita ku dibi, singano ya geji inali kukwera. Mu 1968 Jaguar inakulitsa kamwalo ndi kuika mafani awiri.

Bvuto lina linadza pambuyo pake, ndipo linadza ndi amakanika a mtima wabwino. Mainjini a Jaguar a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anali ndi themositati ya mtundu wakale, yofufuma ngati mvukuto wa wosula zitsulo, ndipo inali ndi mkombero wa citsulo. Ikamatseguka, mkomberowo unali kusuntha ndi kuchinga kanjira kacidule kaja, motero madzi onse otentha anali kukakamizidwa kupita ku rediyeta. Mathemositati akalewo atayamba kusowa m'masitolo, anthu anagula amakono a phula amene anakwana bwino pa malopo, koma analibe mkombero. Kanjira kacidule kanakhala kotseguka nthawi zonse. Madzi, monga munthu, amakonda njira yapafupi: ambiri anali kubwerera mu injini osaiona n'komwe rediyeta.

Mwini galimoto anali kudabwa kuti waika cipangizo catsopano koma kutentha kwaonjezeka. Zinatha pamene opanga zipangizo anayamba kupanga themositati ya phula yokhala ndi mkombero. Phunziro lake ndi lakuti mathemositati awiri angafanane kukula ndi nambala ya madigiri, koma nchito yao n'kukhala yosiyana. Ndipo pa injini yotere, kucotseratu themositati kumasiya kanjira kacidule kali pululu, kotero kuti injini ingawire kuposa kale.

MGF: PAMENE KUSINTHA KUNATHANDIZA

Si nthawi zonse pamene kusintha kuli kolakwa. Mu 1995 fakitale ya Longbridge ku Birmingham inatulutsa galimoto ya anthu awiri yochedwa MGF. Injini yake ya malita 1.8, ya mtundu wa Rover K, inali kumbuyo kwa mipando, pamene rediyeta inali kutsogolo. Mapaipi aatali anadutsa pansi pa galimoto kulumikiza ziwirizi. Lotus Elise ya 1996 inali ndi injini yomweyo, yoikidwanso kumbuyo.

Injini imeneyi inali ya aluminiyamu yokhayokha, yopepuka, ndipo inasunga madzi ocepa kuti izitentha msanga. Themositati yake inali pa khomo lolowera madzi, osati potulukira monga zikhalira m'magalimoto ambiri. Woyendetsa akathamangitsa galimoto isanatenthe bwino, mutu wa injini unali kutentha kwambiri themositati ikali yotseka. Ikatseguka, madzi ozizira a m'mapaipi aatali aja anali kukhuthukira mu injini, themositati n'kutsekanso, kenaka n'kutsegukanso. Mai aliyense adziwa cimene cimacitika kwa mphika wadothi wocoka pamoto ukathiridwa madzi ozizira. Kutentha ndi kuzizira kosinthanasinthanaku, pamodzi ndi tizikhomo ta pulasitiki timene tinagwira mutu wa injini pa malo ake, kunafooketsa gasiketi. Kuphulika kwa gasiketi kunakhala mbiri ya galimotoyi.

Mankhwala ake anapezeka pang'onopang'ono. Tizikhomo ta pulasitiki tinalowedwa m'malo ndi ta citsulo. Kunabwera gasiketi yolimba ya zitsulo zosanjikiza. Kunabweranso themositati ya mtundu wina, imene itseguka cifukwa ca kutentha ndiponso cifukwa ca mphamvu ya madzi: injini ikathamanga kwambiri, pampu imakankha khomolo ndipo madzi amayamba kuzungulira ngakhale kutentha kusanafike. Koyambirira kwa zaka za m'ma 2000 inaikidwa mu Land Rover Freelander ndi mu MG TF, galimoto imene inalowa m'malo mwa MGF. Kampani ya MG Rover inagwa m'mwezi wa April 2005, koma eni magalimoto akalewo anapitiriza kugula themositati yatsopanoyo ndi mapaipi ake, n'kumaika okha.

Onani kusiyana kwake. Apa anayamba apeza gwero la bvuto, ndipo cipangizo catsopano cinapangidwira bvuto lomwelo. Ndiponso palibe katswiri amene ananena kuti themositati icotsedwe. Anaikonza kuti igwire nchito bwino.

KODI YOTSEGUKA MSANGA IMATHANDIZA?

Masitolo a zipangizo ku Ulaya ndi ku America amagulitsa mathemositati otseguka msanga. Mwacitsanzo, eni Porsche 911 ya mtundu woziziritsidwa ndi madzi, umene unayamba mu 1997, ena amaika ya madigiri 71 m'malo mwa ya madigiri 83. Amene amathamangitsa magalimoto m'mabwalo a mpikisano amaikonda cifukwa injini imayamba liwiro iri yozizirako, ndipo pamatenga nthawi kuti kutentha kufike pamwamba.

Koma tiyeni tiganize bwino. Galimoto iri pa citunda cacitali masana, itasenza katundu, ndipo madzi afika pa madigiri 100. Pamenepo themositati ya 71 yatseguka yonse, ya 83 nayonso yatseguka yonse. Palibe kusiyana. Ngati rediyeta siingathe kutaya kutentha kumene injini ikupanga, singano idzakwerabe. Themositati yotseguka msanga imangocedwetsa kuwira, siikuletsa.

Pali kuipanso kwake. Injini yozizira imamwa mafuta ambiri. Petulo wosapsa bwino amatsuka oilo wa m'zipupa za masilinda, ndipo mapisitoni amaperepeseka msanga. Cinyezi cimene cimalowa mu oilo sicitha kuuluka, motero oilo amasanduka phala lakuda. M'magalimoto amakono, kompyuta ikaona kuti injini siinatenthe imaonjezera mafuta, poyesa kuti kukali m'mawa. N'cifukwa cake opanga magalimoto ena, monga BMW, amalola injini kuyenda pa madigiri oposa 100 pamene galimoto iyenda mofatsa, ndipo themositati yao iri ndi kawaya ka magetsi kamene kamasungunula phula msanga pokhapokha injini ikalemedwa.

ZA IFE KUNO KWATHU

Ndi ocepa mwa ife amene adzayendetsa Jaguar kapena Porsche. Koma vani yonyamula cimanga ndi nshawa, minibasi, thirakitala ya kopaletivu ndi galimoto yogulidwa kale ku Japan, zonsezi ziri ndi pampu, rediyeta ndi themositati zogwira nchito mofanana ndi za magalimoto aliwiro aja. Banja limene lasunga ndalama za zokolola za zaka zingapo kuti ligule galimoto, lingataye cuma cimeneco pa citunda cimodzi.

Dziko lathu liri ndi zobvuta zake. Coyamba, tiri pamtunda. Lusaka ndi Chipata ziri pamwamba pa mamita 1,000, ndipo pamenepa madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri pafupifupi 96. Cotero citsekero ca rediyeta cimene mphira wake watha, kapena nsanza yotsekera m'malo mwake, ndi ngozi. Caciwiri, madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ya madera ambiri ali ndi laimu. Zoyera zimene mumaziona pansi pa ketulo ndi zomwezo zimene zimamera m'timapaipi ta rediyeta. Madzi a mumtsinje amabwera ndi matope, ndipo pamenepo tadzipangira tokha bvuto la Triumph Stag. Thirani madzi a mvula osefedwa bwino kapena madzi a batire, osakaniza ndi kulanti theka kwa theka. Kulanti sindiye wa maiko a cisanu okha: amaletsa dzimbiri, amasunga pampu ndipo amakweza muyeso wowirira madzi. Cacitatu ndi udzu. M'nyengo yokolola njere za udzu, mankhusu ndi tizilombo zimamata kumaso kwa rediyeta, makamaka ya thirakitala. Zicotseni ndi madzi kapena mpweya kucokera kumbuyo kwake, osati ndi waya.

Galimoto ikayamba kutentha, yambani ndi zinthu zapafupi. Onani ngati madzi akucepa ndipo funani pamene akudonthera. Gwirani lamba wa fani ngati ali wolimba. Onani ngati fani ya magetsi ikuzungulira injini ikatentha. Finyani mapaipi a mphira injini itazizira. Ofewa kwambiri kapena ong'aluka asinthidwe. Pambuyo pa zonsezi ndiye mufike pa themositati.

Kuiyesa sikufuna garaji. Imangeni ndi ulusi, muilenjeke mu poto wa madzi osakhudza pansi, ndipo muike pamoto. Madzi asanawire iyenera kuyamba kutseguka, ndipo akamabwadamuka ikhale itatseguka pafupifupi kukula kwa cala cakanise. Mukaitulutsa itsekenso yokha. Ngati yakanirira, yafa, ndipo themositati yofa cotseka ndiyo imawiritsa injini m'kamphindi kocepa. Munthu amene zamugwera m'thengo angaicotse kuti akafike kwao. Kumeneko ndi kudzipulumutsa, si kukonza. Akafika agule ina ya mtundu womwewo ndi madigiri omwewo, atatenga yakaleyo kuti akafanizire, makamaka ngati iri ndi kambale kaciwiri pansi pake kotseka njira yacidule. Poika, mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo kabowo kotulutsira mpweya kakhale pamwamba.

Singano ikafika pofiira muli pa ulendo, imani pamalo abwino ndi kuzimitsa injini. Musatsegule citsekero ca rediyeta pamenepo: madzi otsekeredwa amatumphuka onse nthawi imodzi, ndipo anthu ambiri apsa nkhope ndi manja motere. Ana atalikire. Dikirani kufikira paipi ya pamwamba itazizira moti mungaigwire, mutsegule pang'onopang'ono ndi nsaru yocindikala, ndipo muthire madzi pang'onopang'ono injini ikulira. Mukaona utsi woyera wosatha, thobvu mu rediyeta, kapena oilo wooneka ngati tiyi wa mkaka, gasiketi yapita, ndipo kuyendetsabe ndi kuononga injini yonse.

Akatswiri a ku Coventry ndi ku Birmingham anali anthu ophunzira, koma naonso anapunthwa pa nkhani ya madzi, ndipo makampani ao analipira ndi mbiri yao. Amene anapulumutsa magalimotowo ndi eni ake amene anafunsa coyamba kuti kutenthaku kukucokera kuti. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Tsiku limene makanika adzakuuzani kuti ataye kacitsulo ka phula kameneka, mufunseni mwaulemu kuti wayamba waona rediyeta, citsekero, lamba ndi pampu. Mtengo wa themositati yatsopano ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wopala mutu wa injini, ndipo mwezi wa October sucedwa kubweranso.